Chiphaso Chitsogole, Ulendo Utsate Pambuyo

Aliyense amene wakhalitsa m'mbali mwa msewu wa M5, pamene msewuwo umadutsa pa Ngala pochokera ku Dwangwa kulowera ku Dwambazi ndi ku Nkhata Bay, angathe kuchitira umboni kuti m'zaka zochepa zapitazi kulira kwa njinga zamoto kwasanduka phokoso la tsiku ndi tsiku, kotero kuti usipa wochokera kugombe, mpunga wochokera kudambo, mayi wodwala wopita kuchipatala ndi mphunzitsi wothamangira kusukulu, onsewa masiku ano amafika kumene akupita ali pambuyo pa mnyamata wakabaza. Ntchito imeneyi ndi yolemekezeka, pakuti yadyetsa mabanja ambiri m'nyengo imene nyanja yayamba kuumira pa nsomba, minda nayo itachepa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Koma popeza mnyamata akangozolowera mahandulo mtima wake suchedwa kuyang'ana kutali, ana athu ambiri ayamba kunyamula luso lomweli kupita nalo kunja kwa malire: ena ku Joni ndi ku Cape Town, kumene amakatumikira ponyamula chakudya ndi katundu wa m'masitolo kukapereka m'makomo mwa anthu; ena ku Tete, ku Chipata ndi ku Mbeya, kumene amapita pa njinga zawozawo kukachita malonda, kapena kukagula njinga yatsopano n'kubwera nayo kumudzi.

Mawu anga pa ana amenewa ndi awa, ndipo ndiwanena poyera ndisanayambe kuwatambasula: munthu asakwere njinga yamoto m'dziko la eni asanakhale ndi chiphaso chenicheni choyendetsera, chimene anachipata atayesedwa mayeso, ndiponso asanadziwe bwino lomwe kuti tsiku limene adzagwe, kapena kugunda mwana wa munthu, adzalipire ndani. Ndipo zinthu ziwirizi malo ake ozikonzera ndi kuno kwathu, ulendo usanayambike, pamene munthu akali ndi abale omuthandiza, chinenero chomveka ndi boma limene limamudziwa dzina. Ambiri a ife tinazolowera kuyesa mapepala a njinga ngati chinthu choonetsa wapolisi pa rodibuloko kuti atilole kudutsa, ndipo chifukwa cha maganizo otere timaona ngati amene wapereka ya fanta wafanana ndi amene ali ndi laisensi. Kufanana kumeneko kumatha pa tsiku la ngozi, pamene magazi ali pa phula, apolisi atatsegula buku, ndipo wina aliyense akufunsa funso limodzi lokha: kodi woyendetsayu ndani, nanga anamuloleza ndani?

Ife a kunyanja sitinayambe lero kuyenda maulendo. Agogo athu a ku Nkhotakota ndi a ku Nkhata Bay anali m'gulu la anthu oyamba a dziko lino kupita kumigodi ya ku Harare ndi ku Joni. Ena analembedwa ndi Wenela, ena ndi Mthandizi wotengera anthu ku mafamu a ku Rhodesia, ndipo enanso ambiri anapita selufu, pa miyendo yawo, osalembetsa kwa wina aliyense. M'mwezi wa April chaka cha 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha amuna a ku Malawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu opita kumigodi, ndipo ulendo wa kumigodi, umene tsopano unkatchedwa wa Theba, unadzayambiranso patapita zaka, n'kudzathera m'chaka cha 1988. Tsono taonani chimene chinadzachitika pambuyo pake. M'chaka cha 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa ndalama zokwana 5 biliyoni za ma rand, zoti zipepese anthu amene anadwala mapapo chifukwa cha fumbi la m'migodi ya golide, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust linakhazikitsidwa kuti ligawe ndalamazo. Nkhalamba imene ili ndi nambala yake ya kumgodi ndi mapepala osonyeza zaka zimene inagwira ntchito ili ndi poyambira. Koma imene inagwira ntchito pa dzina la mbale wake, kapena imene mapepala ake anadyedwa ndi chiswe, imasowa pogwira ngakhale chifuwa chake chikuchitira umboni usiku wonse. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo phunziro la agogowa ndi loti thukuta la munthu kwa eni limadziwika ndi pepala lolembedwa dzina lake lenileni.

Tiyambe ndi chiphaso. Lamulo la za pamsewu la dziko lino, la m'chaka cha 1997, sililola munthu kuyendetsa njinga yamoto pamsewu wa anthu onse popanda laisensi, ndipo ofesi yopereka laisensiyo ndi nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services. Munthu amalembetsa kaye dzina lake ndi zidindo za zala zake m'makina a MalTIS, amalemba mayeso a malamulo ndi zizindikiro za pamsewu kuti apate chilolezo cha wophunzira, ndipo pambuyo pake amayesedwa pa njinga yeniyeni pamaso pa woyesa. Laisensi ya njinga ili m'magulu awiri: A1 ndi ya njinga zing'onozing'ono za injini yosapyola 125cc, pamene A ndi ya njinga zoposa pamenepo. Kusiyana kumeneku ambiri amakuyesa kwachabe, komatu njinga zambiri zimene anyamata amagwiritsa ntchito ponyamula anthu ndi katundu, monga Boxer ya 150cc, zinapyola kale malire a A1. Ndiye kuti mnyamata wa A1 akakwera njinga yotere, pamaso pa lamulo ali chimodzimodzi ndi munthu wopanda laisensi. Chimodzimodzinso amene ali ndi laisensi ya gulu B, ya galimoto zing'onozing'ono, asadzinyenge kuti wamaliza, pakuti chiphaso cha galimoto sichimuloleza kukwera njinga, ngakhale atakhala kuti wayendetsa minibasi kuchokera ku Salima kukafika ku Mzuzu kwa zaka zambirimbiri.

Chokondweretsa n'chakuti laisensi imene munthu waipata moona kuno kwathu siithera mphamvu pa chipata cha Mchinji kapena cha Mwanza. M'chaka cha 1996, ku Maseru, mayiko a m'bungwe la SADC anasainirana pangano la za mtengatenga ndi mtokoma, ndipo mwa zina anagwirizana zofananitsa magulu a malaisensi awo ndi kulemekeza laisensi yoperekedwa ndi dziko linzawo. N'chifukwa chake zilembo A1 ndi A zimene zili pa khadi la ku Malawi wapolisi wa ku Polokwane amazimva monga amamvera za kwawo. Ku South Africa laisensi ya mlendo imalandiridwa ikakhala kuti sinathe masiku, inalembedwa m'Chingerezi, ndipo ili ndi chithunzi ndi siginecha ya mwini wake. Koma munthu akapatsidwa chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale amayenera kuisinthitsa kuti ikhale ya komweko. Palinso chiphaso china chotchedwa International Driving Permit, chimene chimaperekedwa motsatira pangano la mayiko la ku Geneva la m'chaka cha 1949, ndipo chimathandiza kwambiri kumayiko kumene Chingerezi sichimveka. Koma chiphaso chimenechi chimangomasulira laisensi ya kwanu m'zinenero zina, chimakhala ndi mphamvu kwa chaka chimodzi, ndipo pachokha, popanda laisensi yeniyeni pambali pake, sichipulumutsa munthu. Woyenda adziwenso kuti ngakhale ku Zambia, ku Mozambique, ku Tanzania, ku Zimbabwe ndi ku South Africa amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, ku Congo, ku Rwanda, ku Burundi ndi ku Angola amayenda kumanja, ndipo dzanja lozolowera silisintha tsiku limodzi.

Pano mpamene pagona tchimo lathu lalikulu. Mnyamata amachoka pa Ngala atayendetsa kabaza zaka zingapo popanda pepala lililonse, chifukwa kuno sanaone womuletsa. Akafika ku Joni amapeza kuti makampani otumiza katundu pa njinga, monga Uber Eats, Mr D ndi Checkers Sixty60, salemba munthu wopanda laisensi. Ndipo pamenepo, m'malo mobwerera m'mbuyo, amagwa m'manja mwa anthu ogulitsa makhadi achinyengo, kapena amabwereka akaunti ya mnzake n'kumagwira ntchito pa dzina la eni, akumalipira mwini dzinalo ndi mwini njinga sabata ndi sabata. Masiku oyamba zonse zimaoneka ngati zayenda, ndalama zimafika kumudzi pa lamya, malata amagulidwa, ndipo anzake otsala amayamba kusirira. Koma akuluakulu a kunyanja anati chenjerechenjere sakupha nsomba, akupha nsomba n'kombe. Tsiku limene galimoto idzamuwombe pa mphambano mvula ikugwa, iye akuthamangira kuti chakudya chifike chisanazizire, kampani idzayang'ana m'makina ake n'kupeza dzina la munthu wina amene ali bwinobwino kunyumba kwake. Chithandizo chimene makampani ena amasungira okwera njinga awo ovulala chimatsata dzina lolembedwalo. Ndipo wovulala weniweniyo, amene mwendo wake wathyoka patatu, adzapezeka kuti m'mabuku onse mulibemo, kupatula m'buku la apolisi, mmene adzalembedwe monga wogwiritsa ntchito chiphaso chabodza. Ngati pasipoti yake nayo inatha masiku, ulendo wochokera kuchipatala ungathe kukathera ku Lindela, kumene amasungirako alendo oyembekeza kubwezedwa kwawo.

Tsopano za inshulansi, imene ambiri amaitchula koma owerengeka okha ndiwo amaimvetsa. Inshulansi imene lamulo la dziko lino limakakamiza mwini galimoto kapena njinga aliyense kukhala nayo ndi ija amati third party, ndipo ntchito yake ndi kulipira munthu wina amene wavulazidwa kapena kuphedwa ndi njinga yanu. Inuyo mwini wake siikulipirani mukathyoka, ndipo njinga yanu ikaphwanyika kapena kubedwa siikugulirani ina. Zimenezo zimafuna inshulansi yokulirapo, yoteteza njingayo, ndi inanso yoteteza thupi la wokwera. Pamwamba pa izi, pepala lililonse la inshulansi lili ndi malire atatu amene munthu ayenera kuwafunsa asanapereke ndalama zake. Oyamba ndi a woyendetsa: kampani ikapeza kuti anali pa njinga analibe laisensi yoyenera, ili ndi chifukwa chokanira mlandu kapena chodzakulondolani kuti mubweze zimene yalipira. Achiwiri ndi a ntchito: njinga imene inalembetsedwa kuti ndi yoyendera mwini wake, koma ikunyamula anthu kapena katundu molipiritsa, yatuluka kale m'pangano. Achitatu ndi a dziko: inshulansi yogulidwa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, pokhapokha pepalalo litanena mwina, imathera pamene Malawi wathera. Safunsa anadya phula; ndipo m'nkhani ya inshulansi phulalo munthu amalidziwa kuwawa kwake ali kale pa bedi la kuchipatala.

Kwa iwo otuluka m'dziko pa njinga zawo, mayiko a kuno anakonza njira imene ambiri a ife sitiidziwa. Pali khadi lachikasu la COMESA, lotchedwa Yellow Card, limene pangano lake linasainidwa m'chaka cha 1986 n'kuyamba kugwira ntchito m'chaka cha 1987. Munthu amaligula kuno komwe, ku kampani imene ili kale ndi inshulansi ya njinga yake, ndipo limamuteteza pa milandu ya anthu amene angawavulaze m'mayiko olandira khadilo, monga Zambia, Zimbabwe, Congo, Kenya ndi Uganda. Tanzania nayo imalilandira, ngakhale inatuluka m'bungwe la COMESA m'chaka cha 2000. Motero wopita ku Chipata kudzera pa Mchinji, kapena ku Mbeya kudzera pa Songwe, angathe kunyamuka atamaliza zonse, osakafunafuna ofesi yachilendo pa chipata dzuwa litapendeka. Mozambique ndi South Africa sali m'bungwe la COMESA, ndipo wolowa m'dziko la Mozambique pa Zobue, pa Calomue kapena pa Milange kawirikawiri amagula inshulansi ya masiku owerengeka pa chipata pomwepo. Wanzeru amafunsiratu ku kampani yake kuti khadi lake likafika pati, ndipo akagula pa chipata amagula mu ofesi yodziwika, n'kulandira lisiti, osati kwa anyamata othamangira alendo ndi mapepala m'manja.

Ku South Africa zinthu zinakonzedwa mwa mtundu wina, ndipo apa mpamene ana athu ambiri amasokonezeka. Kumeneko kuli thumba la boma lotchedwa Road Accident Fund, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1996, limene ndalama zake zimachokera ku msonkho wa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, ndipo limalipira anthu ovulala pamsewu ndi mabanja a omwalira. Akamva zimenezi anyamata amati basi, kumeneko inshulansi njosafunika. Koma thumbali limalipira za thupi la munthu zokha; njinga yophwanyika, galimoto ya eni imene mwaiphwanya nyali, mpanda umene mwaugwetsa, zonsezo sililipira, ndipo ngongole yake imagwera woyendetsa kapena mwini njinga. Komanso thumbali limayang'ana amene analakwa, kotero kuti wokwera njinga amene wagwa yekha, kapena amene kulakwa konse kunali kwake, alibe choti akatengeko. Ndipo m'chaka cha 2022 akuluakulu a thumbali anayamba kufuna kuti mlendo wopempha chipukutamisozi aonetse umboni woti anali m'dzikomo movomerezeka. Khoti lalikulu la ku Pretoria linakana lamulo limenelo m'chaka cha 2024, komabe mkanganowo utiphunzitse kuti mlendo wopanda mapepala, ngakhale pamene chilungamo chili kumbali yake, amachipeza mochedwa ndi movutikira. Tionjezepo kuti ambiri mwa otumikira pa njinga amawerengedwa ngati anthu odzilemba okha ntchito, ndiye kuti chitetezo chimene lamulo limapereka kwa wantchito wovulala pa ntchito sichiwafikira mosavuta.

Njinga nayonso ili ndi mapepala akeake, ndipo munthu angathe kukhala ndi laisensi yabwino koma n'kulandidwa njinga pa chipata. Pafunika bulubuku yosonyeza mwini wake, nambala yolembetsedwa, chiphaso cha COF chosonyeza kuti njingayo ili bwino, ndi chilolezo cha akasitomu choitulutsira ndi kuilowetsera kwa kanthawi m'dziko lina. Ndipo ngati njingayo ndi ya mbale kapena ya bwana, pafunikanso kalata ya mwini wake yololeza wokwerayo kutuluka nayo. Njinga zambiri zimene zili m'midzi yathu zinalowa m'dziko muno kudzera njira zakutchire, msonkho wa MRA osalipiridwa, ndipo chifukwa cha ichi sizingalembetsedwe. Njinga yosalembetsedwa kampani ya inshulansi siingaiteteze. Ndipo yopanda inshulansi ikagunda munthu, banja la wokwera limagulitsa bwato, ukonde kapena munda kuti lipepese banja la wovulala. Kutchipa kumene munthu anakondwera nako pogula kumadzabwezedwa kambirimbiri, ndipo obweza ake nthawi zambiri amakhala makolo okalamba amene sanakwerepo njingayo n'kamodzi komwe.

Ndikudziwa chimene mnyamata wa pa siteji ya kabaza angandiyankhe, ndipo yankho lake lili ndi choonadi chimene sindingachipeputse. Adzati: inu akulu, mukunena zoona, koma ofesi ya laisensi ili kuti? Wa pa Ngala kuti ayesedwe ayenera kukwera basi kupita ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kulipira thiransipoti, chakudya ndi malo ogona, kusiya ntchito ya masiku angapo, ndipo mwina kubwerera chimanjamanja chifukwa makina aima; sukulu zophunzitsa kuyendetsa zili m'matauni, ndipo mitengo yake inayezedwa pa matumba a anthu a m'tauni; pakhomo pa maofesi pamazungulira madobadoba olonjeza kufupikitsa njira; ndipo amene anagulapo inshulansi amadandaula kuti polipira amalandiridwa ndi manja awiri, koma pofuna chipukutamisozi amauzidwa kuti abwere mawa. Madandaulo amenewa ndi enieni, ndipo lamulo limene wosauka sangathe kulifikira limasandutsa anthu oona mtima kukhala olakwa. Komabe ndipemphe mnyamatayo kuti awerenge bwino: ndalama ya basi yopita ku Joni, ya pasipoti, ya omuwolotsa pa Beitbridge ndi ya lendi ya mwezi woyamba amaipeza, ngakhale pogulitsa mbuzi kapena pokongola kwa amalume, koma chiphaso chokha, chimene chikanasandutsa ulendo wonsewo kukhala wa phindu lokhalitsa, n'chimene amati chadula. Msodzi wa pa gombe lathu lino samata bwato lake mwera utayamba kale kuwomba ali pakati pa nyanja. Amalimata pamtunda, kunja kuli bata, ngakhale phula lake litadula motani.

Boma nalo lili ndi mangawa ake pa nkhani imeneyi, ndipo tiyenera kulikumbutsa mwaulemu koma mosabisa mawu. Lipoti la bungwe la WHO la m'chaka cha 2023 linanena kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse pa dziko lonse lapansi, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, Africa ndiye amene amataya ambiri koposa. Bungwe lomweli limati chisoti chabwino, chomangidwa bwino pachibwano, chimachepetsa chiopsezo cha imfa koposa kasanu ndi kamodzi. Amene analowapo m'mawodi a othyoka mafupa ku Kamuzu Central Hospital, kapena pa chipatala cha boma ku Nkhotakota, safuna lipoti kuti akhulupirire. Kulanda njinga pa rodibuloko n'kuziunjika pa polisi ya Nkhunga kungaopseze anthu kwa sabata imodzi, koma sikuphunzitsa munthu ngakhale chizindikiro chimodzi cha pamsewu. Chofunika n'chakuti oyesa mayeso azibwera okha kumaboma pa masiku odziwika, akhale pa Dwangwa ndi pa boma la Nkhotakota ndi makina awo, anyamata ayesedwe m'Chichewa ndi m'Chitonga, pa mtengo umene wakabaza angaukwanitse, ngakhale polipira pang'onopang'ono. Makampani a inshulansi nawo atsike m'nyumba zawo zosanja, akonze mapangano a akabaza olembedwa m'chinenero chathu, olipirika pa lamya mwezi ndi mwezi. Ndipo Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampaniwa, ionetsetse kuti wovulala akulipidwa msanga, pakuti chipukutamisozi chimodzi cholipidwa pa nthawi yake m'mudzi chidzakopa anthu ambiri kuposa zolengeza zonse za pa wailesi.

Koma ngakhale boma litachita zonsezi, mawu otsiriza pa ulendo wa mwana amanenedwa pakhomo, usiku wotsanzikana, pamene amalume, azakhali ndi makolo akhala pamphasa kumupatsa malangizo. Timamuuza kuti asaiwale kwawo, apewe mowa ndi akazi a eni, azipemphera, azitumiza kangachepe. Ndipo zonsezi n'zabwino. Tionjezepo mafunso ena, ndipo tiwafunse popanda manyazi: laisensi yako ili kuti, tiione; ndi ya gulu liti; ntchito ukaigwira pa dzina la yani; ukavulala tidzamva kwa yani, nanga adzakulipirira ndani; walowa kale m'bungwe la maliro la a kwathu okhala kumeneko kodi? Funso lotsirizali ndi lowawa kulitchula pamaso pa munthu wamoyo, koma amene anaonapo banja likusonkhetsa ndalama pa WhatsApp kwa masabata, thupi la mwana wawo lili m'nyumba yachisoni ku Johannesburg, adziwa kuti kufunsa n'chikondi. Ngakhale Nehemiya, munthu wa Mulungu, ponyamuka ulendo wokamanga malinga a Yerusalemu, anayamba wapempha makalata kwa mfumu kuti abwanamkubwa a tsidya lija la mtsinje amulole kupita. Chikhulupiriro chake sichinamuletse kutenga mapepala, ndipo mapepalawo sanachepetse chikhulupiriro chake. Abusa m'matchalitchi, mashehe m'mizikiti, mafumu pa mabwalo awo ndi atsogoleri a masiteji a kabaza angathe kunena mawu amenewa ndi mphamvu imene wapolisi alibe, ndipo siteji imene ingagwirizane zosonkha ndalama kuti mamembala ake azipita kukayesedwa mmodzimmodzi idzakhala itachita ntchito yoposa ya mabungwe ambiri, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Tsono kwa inu ana athu, amene mitima yanu ili kale pa msewu wa ku Mwanza ndi ku Nyamapanda, sindikuletsani ulendo, pakuti umphawi umene mukuuthawa tonse tikuudziwa, ndipo manja anu ndi olimbika. Ndikupemphani chinthu chimodzi: chedwetsani ulendowo miyezi ingapo, mupite mukayesedwe, mutenge laisensi ya gulu A yolembedwa dzina limene anakupatsani makolo anu, muisunge pamodzi ndi pasipoti yamoyo, mujambule mapepala onse n'kusiyako ena kumudzi, mukafika kumeneko mukagwire ntchito pa dzina lanulanu, mukafunse za inshulansi musanakwere njinga ya munthu, ndipo chisoti chikhale pamutu ngakhale ulendo utakhala wa pafupi. Kuthamanga sikufika. Amayi anu adzakondwera ndi malata amene mudzatumize, koma chimene akupempherera usiku ndi usiku n'chakuti mudzatsike basi pa Ngala ndi miyendo yanu iwiri. Konzani mapepala anu lero, kuti pemphero lawolo lisapite pachabe.